Dduallt, siteshoni yopanda msewu

Tisananyamuke pa Porthmadog ndinauza gadi wa sitima kuti ndikatsikira pa Dduallt. Anayamba wayang'ana nsapato zanga, ndiye n'kundichenjeza kuti kumeneko kulibe msewu, kulibe golosale, ndipo sitima siimapo pokhapokha munthu atapempha. Ndinamuyankha kuti n'zomwezo zandichotsa kunyumba m'mamawa.

Njanji ya Ffestiniog, kumpoto kwa Wales, ndi yopapatiza zedi: mamilimita 597 basi pakati pa zitsulo ziwirizo, pomwe yathu yodutsa pa Limbe ndi 1,067. Anaitsegula mu 1836 kuti izitsitsa miyala ya slate, yofolerera nyumba, kuchoka kumigodi ya Blaenau Ffestiniog kupita kudoko la Porthmadog. Mabogi odzaza ankangotsetsereka okha, opanda kanthu n'kumakokedwa ndi mahatchi pobwerera. Lero imanyamula alendo, koma injini zake n'zanthunzi ndithu, ndipo fungo la malasha linandikhala m'jekete mpaka madzulo.

Titadutsa siteshoni ya Tan-y-Bwlch mitengo inayamba kuchepa. Posakhalitsa tinalowa kunsi kwa kamlatho, mabuleki kwiii, sitima n'kuima. Wotsika ndinali ndekha. Anthu anasuzumira m'mawindo, mayi wina wachikulire n'kundibayibitsa.

Chimene chinachitika kenako ndicho ndinadzera. Sitima inaliza wezulo, n'kukhotera kumanja, n'kumangokhotabe uku ikukwera, mpaka inazungulira kaphiri konse ngati nkhata. Patapita kanthawi ndinaiona ikuwoloka pamwamba pa kamlatho kaja, kudumpha njanji yomwe tinabwerera. Ndinaima kukamwa kuli yasa, utsi ukutsalira m'mitengo.

Nkhata imeneyi sinalipo kale. Njanji inatsekedwa mu 1946, ndipo pamene anthu oikonda ankaidzutsa, damu lopangira magetsi la ku Tanygrisiau linamiza mbali ina ya njira yakale. Panalibe kuchitira mwina koma kukweza njanji kuti idutse chakumtunda, m'mbali mwa madziwo. Kuyambira mu 1965 mpaka 1978 anthu odzipereka ankabwera kumapeto kwa sabata ndi mapiki ndi mafosholo, kuswa thanthwe ndi kututa dothi, osalandira kanthu. Mu 1982 sitima inafikanso ku Blaenau Ffestiniog. Ndinakwera kaphiriko n'kuyang'ana mulu wautali wa miyala womwe njanji yagonapo, ndipo mtima unandigunda. Ndinakula ndikuona anthu akuumba njerwa za sukulu pachitukuko, choncho ndikudziwa kulemera kwa wilibala yachikhumi dzuwa likupendeka. Awa anapirira zaka 13, m'mvula ya ku Wales, pamalo pomwe galimoto silifika.

Njira yakale ikuonekabe, yolunjika kumpoto, yomera udzu, nkhosa zikudya pamwamba pake. Ndinaitsatira pang'ono mpaka matope atandibweza. Dzina lakuti Dduallt m'chinenero cha ku Wales limatanthauza phiri lakuda, ndipo mitambo itaphimba dzuwa ndinamvetsa chifukwa chake.

Nthawi yotsalayo ndinakhala m'kanyumba kamiyala kousiramo mvula, ndikumwa tiyi wa m'fulasiki. Kunali zii. Mphepo yokha, ndi kamwana kankhosa kakuitana make kutsidya. Chibwerere kuno ku Britain ndinali ndisanakhalepo pamalo osamveka galimoto ngakhale imodzi, ndipo ndinazindikira kuti bata lotere ndinali nditalisowa kwambiri.

Wezulo anamveka kumtunda. Sitima yobwerera inawoloka kamlatho, n'kuyamba kutsika mozungulira muja. Malangizo ake ndi apafupi: ima poonekera, tambasula dzanja, monga timaimitsira minibasi pa Lunzu. Komabe m'mimba munandiwira, poganiza kuti chinthu chokoka mabogi onsewa chingaimire munthu mmodzi. Ndinakweza dzanja. Dalaivala anagwedeza mutu, nthunzi inafoka m'mbali mwa injini, ndipo gadi uja anatsegula chitseko akumwetulira, maso ali pansapato zanga zamatope.