Za Brass ndi ana omwe sanalembedwe paliponse

Semesita ino tili pa indirect estimation, njira zopezera ziwerengero za obadwa ndi omwalira pamene kaundula wake ndi wosakwanira, ndiye ndati ndilembeko mutu usanazizire mwina zingathandize amene akubwera m'mbuyomu, poti kosi imeneyi anthu amaiopa ngati ndi masamu okhaokha pomwe masamu ake ndi ochepa zedi. Kugawa ndi kuchulukitsa basi, Excel imakwana. Chimene chimagwetsa anthu ndi kudziwa kuti fomula ikuganiza chani za anthu amene anayankha mafunso aja, ndipo ikamanama imanamira mbali iti.

Vuto loyambira ndi ili. Kuti unene kuti pa ana 1,000 obadwa angati akumwalira asanakwane zaka zisanu, umayenera kukhala ndi kaundula wa obadwa onse ndi omwalira onse. Ku Sweden anayamba kusonkhanitsa ziwerengero zotere za dziko lonse mu 1749. Kwathu kuno lamulo la kalembetsedwe ka anthu ndi la 2010, ziphaso za unzika tinajambulitsa mwaunyinji mu 2017, ndipo mpaka pano imfa zambiri zimachitikira kunyumba, uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amakumba manda, anthu amalira n'kubalalika, koma palibe pepala lofika ku ofesi iliyonse. Ndiye ziwerengero timamva pa wailesi zija zimachokera kuti? Zimachokera ku kalembera, amene NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero ya ku Zomba, yachititsa mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, komanso ku kafukufuku ngati MDHS (Malawi Demographic and Health Survey, mwachidule DHS, wofunsa za kubereka ndi zaumoyo m'makomo osankhidwa), kenako pamwamba pake pamabwera njira zowerengera mozungulira zimene tikuphunzirazi.

Dzina lomwe simungalithawe ndi William Brass, wa ku Scotland, amene anagwirako ntchito ya ziwerengero kum'mawa kwa Africa asanakakhazikike ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Nzeru yake inali yakuti, ukamufunsa mayi kuti chaka chathachi pakhomo pano pamwalira ana angati, yankho limasokonekera chifukwa chaka chatha kwa wina chimayambira pa kukolola, kwa wina pa Khirisimasi, wina amaphatikiza za zaka ziwiri. Koma ukamufunsa kuti munaberekapo ana angati moyo wanu wonse, ndipo ali moyo ndi angati, izo sizifuna kalendala. Mafunso awiri okha, kuwonjezera zaka za mayiyo.

Tiyerekeze, manambalawa ndangopeka kuti muone mayendedwe ake. Amayi 1,000 a zaka 25 mpaka 29 anena kuti onse pamodzi anabereka ana 2,500, ndipo 200 anamwalira. 200 kugawa ndi 2,500 ndi 0.08. Nambala imeneyi siili kutali ndi mwayi woti mwana amwalire asanakwane zaka zitatu, chifukwa ana a amayi a msinkhu umenewu, ukawaphatikiza akulu ndi ang'ono omwe, akhala ali padziko kwa nthawi yoyandikira pamenepo. Umangoichulukitsa ndi multiplier yoyandikira 1 yomwe imakonza nkhani yoti amayiwo anayamba kubereka msanga kapena mochedwa. Amayi a 20 mpaka 24 amakupatsa za ana osakwana zaka ziwiri, a 30 mpaka 34 za osakwana zisanu, a 35 mpaka 39 za osakwana khumi. Gulu la 15 mpaka 19 timaliwerengera koma kenako n'kulitaya, poti ana a atsikana achichepere amamwalira kwambiri kuposa a anzawo, ukaligwiritsa ntchito dziko lonse limaoneka ngati zinthu zaipiratu. Komanso dziwani kuti yankho lililonse si la chaka cha kalemberayo ayi, ndi la zaka zingapo m'mbuyo, gulu likamakula ndiye kuti ukubwereranso kale kwambiri. Ubwino wake ndi woti kalembera mmodzi amakupatsa mzera wa zaka zoposa khumi.

Mpaka apa zonse ndi zokoma. Tsopano taganizirani pakhonde pomwe funsolo likufunsidwa.

Wowerenga ndi mnyamata wa zaka 22 wanyamula tabuleti, mlendo m'mudzimo, akufunsa mayi wa msinkhu wa amayi ake za ana awo amene anamwalira. Kwathu mwana akamwalira ali m'chikuta maliro ake samveka, amakaika ndi azimayi okhaokha mwakachetechete, dzina anali asanapatsidwe, ndipo mayi ambiri sangamuwerengere pakati pa ana ake pamaso pa mlendo. Sikuti akunama ayi, kungoti kwa iye nkhaniyo si yokamba ndi aliyense. N'chifukwa chake fomu ya DHS siifunsa kamodzi. Imagawa: ana aamuna amene mukukhala nawo, aakazi amene mukukhala nawo, amene ali kwina, amene anamwalira, kenako imabwerezanso kufunsa ngati panali mwana amene analira kapena kusonyeza moyo ngakhale kwa kanthawi kochepa. Funso lomalizalo lili pamenepo chifukwa cha ana a m'chikuta omwewo. Mbali inayo kuli vuto lotembenuka: ana a mchemwali wako ndi ana ako, makamaka ngati mwiniwake anatisiya n'kukhala ukuwalera ndiwe, ndiye mayi akhoza kuwawerengera ngati anabereka yekha. Agogo a zaka za m'ma 40 nawonso amadumpha ena, makamaka amene anamwalira kalekale kapena amene anakula n'kupita ku Joni. Ukaona pa tebulo lako kuti amayi a 45 mpaka 49 ali ndi ana ochepa kuposa a 40 mpaka 44, usathamangire kunena kuti kale anthu ankabereka pang'ono, kawirikawiri ndi ana osatchulidwa.

Chomwe chinandigwira kwambiri ndi nkhani ya edzi. Njira ya Brass imaganiza kuti kumwalira kwa mayi ndi kumwalira kwa mwana sizikhudzana, kotero kuti amayi amene ali moyo akhoza kuyankhira ndi amene kulibe omwe. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, ma ARV asanafalikire, ganizo limeneli linasweka. Mayi wodwala ankapatsira mwana, mwana n'kumwalira, mayinso n'kutsatira, wowerenga akafika palibe womufunsa. Ana amene anali pachiopsezo chachikulu ndi amene anasowa m'ziwerengero, pamodzi ndi amayi awo. Zotsatira zake nambala imatuluka yotsika kuposa zoona, ndipo pa tebulo palibe chikuonetsa kuti chasowa, manambala onse amaoneka aukhondo. Sisterhood method, imene Wendy Graham, Brass ndi Robert Snow anafalitsa mu 1989 ataiyesa ku Gambia, yofunsa anthu za azichemwali awo amene anamwalira pa uchembere, nayonso ili ndi kabowo kofanana: banja lomwe onse anatha silimveka.

Ndiye pali ma model life table, matebulo okonzeratu obwereka pamene ziwerengero zako ndi zosakwanira. Life table yokha, tebulo losonyeza mwayi womwalira pa msinkhu uliwonse, ndi yakale, John Graunt anaiyamba mu 1662 ndi mapepala a imfa a ku London, Edmond Halley n'kupanga yake mu 1693 ndi ziwerengero za ku Breslau. Koma ife sitikhala ndi imfa za msinkhu uliwonse, timakhala ndi kanambala kamodzi ka ana, ndiye timabwereka mawonekedwe otsalawo. Ansley Coale ndi Paul Demeny ku Princeton anatulutsa mabanja anayi a matebulo otere mu 1966, North, South, East ndi West, ochokera makamaka ku ziwerengero za ku Ulaya. Zili ngati telala wakuyeza khosi lokha n'kudula suti yonse pa patani ya munthu wina, ikhoza kukukwana, koma ngati uli ndi mimba yaikulu patani ija sikudziwa. Ku Africa kuno anthu ankakonda North chifukwa imfa za ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndi zambiri mmenemo, zofananako ndi kuno komwe malungo, chikuku ndi kunyentchera zinkatenga ana atasiya kuyamwa. Koma palibe banja ngakhale limodzi mwa anayiwo lomwe lili ndi chitunda cha imfa za achinyamata ndi akuluakulu a zaka 20 mpaka 45 chimene edzi inabweretsa. Ukatenga imfa za ana n'kuwerengera life expectancy (zaka zomwe munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo) ya Malawi wa mu 2000 kudzera mu banja la North, umapeza dziko lomwe kunalibe. Pake pake masiku ano amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Spectrum omwe amaika edzi payokha, komanso malo ngati Karonga HDSS cha ku Chilumba, komwe akhala akutsata anthu omwewo kuyambira 2002 kulemba aliyense wobadwa, womwalira ndi wosamuka, amathandiza kuona mawonekedwe enieni a imfa za kuno ngakhale dera limodzi silingayimire dziko lonse.

Za zaka ndingodutsa mwachangu poti aliyense amazidziwa. Anthu amakonda zaka zothera ndi 0 kapena 5. Whipple's index, yoyezera vuto limeneli, imatenga anthu a 23 mpaka 62, kuphatikiza onse a 25, 30, 35 mpaka 60, kugawa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a gulu lonselo, kuchulukitsa ndi 100. Ikatuluka 100 palibe vuto, 500 ndiye kuti aliyense ananena nambala yozungulira. Owerenga amathandizidwa ndi zochitika, njala ya 1949 munali mutabadwa? ufulu wa 1964? riferendamu ya 1993? koma nthawi zambiri amene akuyankhira banja lonse ndi munthu mmodzi, zaka za apongozi ake amangoponya.

Chimene sindinkachiyembekezera ndi chakuti wofunsa nayenso amakhotetsa data, osati woyankha yekha. Mu DHS mwana aliyense wobadwa m'zaka zisanu zapitazo amabwera ndi chimulu cha mafunso, sikelo, katemera, kutsegula m'mimba, kuyamwitsa. Wofunsa wotopa, dzuwa laswa mtengo, akapeza mwana wa m'malire mayi sakukumbuka bwino mwezi, amamukankhira chaka cha m'mbuyo kuti athawe mafunsowo. Zalembedwa m'mayiko ambiri. Ukajambula obadwa chaka ndi chaka umaona kadzenje pa malire penipeni ndi kaphiri kumbuyo kwake. Ndipo ana omwalira ndi amene amakankhidwa kwambiri, ndani amafuna kufunsa mayi za katemera wa mwana amene kulibe.

Kwa amene mukupanga project ndi data ya MDHS 2015-16, chonde musaiwale ma weight, manambala okonza sampulo kuti iyimire dziko lonse. Amayi 24,562 aja sanatoledwe mmodzimmodzi m'dziko lonse, anachokera m'ma cluster 850, timadera tosankhidwa, ndipo maboma ang'onoang'ono ngati Likoma anapatsidwa sampulo yoposa gawo lawo kuti nawonso akhale ndi ziwerengero zawozawo. Weight yake ndi v005 kugawa ndi 1,000,000, kenako svyset mu pulogalamu ya Stata, youza kompyuta mmene sampulo inatoledwera, musanapange china chilichonse. Mukapanda kutero logistic regression yanu itulutsa nyenyezi zambirimbiri, zizindikiro zoti zotsatira ndi zodalirika, zomwe si zanu, chifukwa anthu a m'mudzi umodzi amafanana, chipatala chimodzi, mjigo umodzi, pomwe kompyuta ikuwatenga ngati osadziwana.

Tsono nkhani yomwe tinakangana m'gulu lathu la discussion mpaka usiku. MDHS imati TFR, ana omwe mayi mmodzi angabereke moyo wake wonse potengera kaberekedwe ka nthawiyo, inali 6.7 mu 1992, 6.3 mu 2000, 6.0 mu 2004, 5.7 mu 2010, kenako 4.4 mu 2015-16. Zaka 18 kutsika ndi mwana mmodzi yekha, kenako zaka zisanu kutsika kuposa pamenepo. Mnzanga wina anati apa tigwiritse P/F ratio, njira inanso ya Brass yoyerekeza ana amene amayi anabereka moyo wawo wonse ndi amene akubadwa panopa, ikaposa 1 ndiye kuti obadwa posachedwa ena sanawerengedwe ndipo tikweze TFR. Koma P/F imaganiza kuti kaberekedwe sikanasinthe kwa zaka zambiri. Ngati kakutsika zenizeni, amayi akuluakulu adzakhala ndi ana ambiri kuposa zomwe rate ya lero ikunena, ratio idzakwera yokha, iwe n'kukonza chinthu chomwe sichinalakwike. Ndiye chizindikiro chimodzi chomwecho chikhoza kutanthauza data yoipa kapena kusintha kwenikweni, ndipo fomula payokha singakuuze kuti ndi chiti.

Ine ndili mbali yoti kutsikako n'koona kwakukulukulu, ngakhale kukankhidwa kwa ana kuja kungakhale kunawonjezerako pang'ono. Chifukwa changa si P/F ayi, ndi zinthu za kunja kwake. Ukatsata John Bongaarts ndi proximate determinants zake za 1978, zinthu zokhudza kubereka mwachindunji, kaberekedwe kamatsika kudzera mu ukwati, kulera, kuchoka kwa mimba ndi kuyamwitsa, ndipo pa zaka zomwezo kulera kunakwera kwambiri, jakisoni ndi ka pamkono kufika m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinachoka pa 234 mu 1992 kufika pa 63 mu 2015-16. Kalembera wa 2018, amene anafunsa mwanjira ina ndi anthu ena, anapeza 4.2. Mnzangayo sanagonje, akuti kalembera nayenso amaphonya makanda, zomwe ndi zoona. Tagwirizana kuti tikathamangitse relational Gompertz, njira ina yowerengera TFR, pa data ya 2008 ndi ya 2018, poti iyo siifuna kuti kaberekedwe kakhale kosasintha, ndipo amene waluza agula chips.