Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Masabata asanu ndi anayi kwa Madamu

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija. Ena mwandifunsa kuti bwanji ndadumpha chaka cha 2020 ngati kunalibe. Sindinadumphe, ndinkazengereza. Ndipo inu mayi amene munalemba kuti mkazi weniweni sasiya banja pa nthawi ya mliri, khalani pansi bwinobwino, gawo lino ndi lanu.

Mukukumbuka kuti nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka zitatu ndikugwira ntchito kwa Madamu aja a nyumba yosanja, abambo akunyumba akumeta anthu. Pa 11 Malichi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo posakhalitsa tinauzidwa kuti aliyense akhale m'nyumba. Ometa anasiyitsidwa msanga, poti munthu sungamumete utatalikirana naye.

Madamu anandiitanira kukhitchini. Anati ndisankhe: ndikhale konko osatuluka pageti, malipiro onse ndilandira, kapena ndipite kwathu opanda malipiro mpaka zinthu zitakhala bwino. Anandipatsa usiku umodzi woganiza. Ndalama yolowa m'nyumba mwathu inali itatsala yanga yokha, lendi ikudikira, mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Abambo akunyumba ndi amene anati, "Pitani, ife tiona." Ndiye mayi inu, mukanatani?

Sindinama kuti kwa Madamu kunalibe mavuto. Ndinkawapeza pakati pausiku atakhala pamasitepe, tulo tawathawa, akulira osadziwa chimene akulirira. Koma Lachiwiri lililonse 10 koloko ankadzitsekera m'chipinda n'kumalankhula ndi katswiri wa za maganizo pa Zoom, ine ntchito yanga inali yotengera ana kuseri kwa nyumba kuti kukhale zii. Mawu akuti depression, kutanthauza matenda okhumudwa, ndinayamba kuwamva kumeneko. Vuto lawo linali ndi dzina, linali ndi tsiku lake pakalendala, linali ndi timapiritsi m'kabati ya kubafa. Akatopa ndi bwana ankapita chipinda china. Akatopa ndi nyumba ankazungulira m'dimba.

Kwathu kunali chipinda chimodzi, zenera limodzi loyang'ana khoma la anansi, mpopi umodzi wa mabanja asanu ndi limodzi. Masabata oyamba abambo akunyumba ankandiseketsa pafoni, amvekere ayamba kumeta tsache kuti dzanja lisaiwale. Kenako mawu anayamba kufupika. Kenako foni ankayankha ndi mwana. "Adadi agona." Masana dzuwa lili pamutu. Tsiku lina anati, "Amayi, adadi angoyang'ana kukhoma." Ine ndinaseka, ndati asiye apume. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Ndinali nditagwira foni dzanja limodzi, dzanja linalo ndikuletsa ana a eni kuchita phokoso kuti mayi awo alandire thandizo la matenda omwewo.

Patatha masabata asanu ndi anayi anandilola kupita. Chitseko ananditsegulira ndi mwana, atavala diresi chotembenuza. Anali ataphunzira kudzichapira yekha, zovala atazipachika pamsomali zisanaume. Katani inali yotseka, mpweya wa m'nyumbamo wolemera. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukongoletsa mitu ya anzake ndinamupeza ndevu zili nyankhalala, tsitsi litapotana, atakhala m'mphepete mwa bedi nkhope ili kukhoma. Sanatembenuke. Anangoti, "Mwabwera?"

Chinthu chokha chaukhondo m'chipindamo chinali makina awo ometera. Mwana anandinong'oneza kuti m'mawa uliwonse adadi amawatulutsa m'bokosi, kuwapukuta, kuthira kamafuta, n'kuwabwezera. Basi, ntchito ya tsikulo yatha.

Ndinakhala pambali pawo nthawi yaitali, chikwama chidakali paphewa. Ndiye anayankhula, maso ali pakhoma pomwepo. "Ndinkamumva mwanayu akulira, koma thupi limakana kudzuka. Ndine bambo wanji ine?" Ndinalibe yankho. Ndinangowagwira dzanja, linali lopepuka ngati si lawo.

Alamu anga, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Inu ndi amene munauza abale onse kuti mchimwene wanu wachita ulesi chifukwa mkazi akumudyetsa. Munawaimbira foni kamodzi kokha, kuwauza kuti mwamuna amalimba mtima. Madamu akanamva mawu amenewo kwa katswiri wawo bwenzi atamusiya tsiku lomwelo. Ndinakukhululukirani, koma ndalemba kuti mudziwe kuti sindinaiwale.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti sitinali tokha. Mu Epulo 2020 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linachenjeza kuti anthu pafupifupi 1.6 biliyoni ogwira ntchito zosalembedwa m'mabuku, ngati ometa ndi ogulitsa m'misewu, anali pangozi yotaya popezera chakudya. Mu 2022 WHO inati m'chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi okhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, makamaka pakati pa amayi ndi achinyamata. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa WHO wa m'maiko 130, wa mu 2020 momwemo: maiko olemera oposa 80 pa 100 alionse anasamutsira thandizo la za maganizo pafoni ndi pa intaneti, pomwe mwa maiko osauka sanafike theka. Nditawerenga ndinaona masitepe a Madamu ndi khoma lathu lija. Ndipo ngakhale thandizolo likanakhalapo, munthu angaulule bwanji za mumtima m'chipinda chimodzi, mwana akumvetsera, anansi akumva kuseri kwa khoma, bandulo ya foni ikutha?

Madamu sindiwada. Nditawafotokozera, ndi iwo amene anandiuza kuti zimenezo ndi matenda ndipo zimachizika, n'kundilembera papepala mawu oti ndikanene kuchipatala. Anatsala pang'ono kulira. Kenako anandifunsa ngati Lolemba ndifika nthawi yake.

Zaka ziwiri zotsatira zinapita ndi mizere ya kuchipatala ndi ngongole. Za zimenezo, ndi za mmene tinasamukira, ndidzalemba gawo likubwerali.

Koma usiku woyamba uja, mwana atagona, ndinatulutsa makina m'bokosi. Sindinametepo munthu chibadwire. Ndinawakhazika pampando, ndinawafunditsa thaulo, ndinayamba chakumbuyo. Ndinalakwitsa, mzere unapita chokhota pamwamba pa khutu. Anakweza dzanja, anapapasa pamenepo, n'kunena chapansipansi, "Mukuwononga mutu wa kasitomala. Pendeketsani pang'ono makinawo."