Mwana wanga watuluka, ndabwera kudzathokoza

Watuluka dzulo masana. Masiku 23 m'chipatala. Akuyendera ndodo ziwiri, mwendo wakumanzere uli ndi zitsulo, koma wagona pabedi lake ndipo usiku wonse ndakhala ndikumvetsera mkonono wake ngati nyimbo. Ambuye alemekezeke.

Za ngoziyo mukudziwa kale, sindibwerezanso. Januwale wa ku Minnesota, msewu woterera, basi. Madokotala ndi anamwino a ku ICU, Mulungu akudalitseni. Achimwene ku Dedza, inu amene mumadzuka 4 koloko m'mamawa kuti tipemphere pa WhatsApp kuno ili 8 koloko madzulo, sindidzaiwala. Anzanga a kuntchito amene munandigwirira mashifiti, zikomo.

Koma amene andichititsa kulemba ndi a mpingo wa Lutheran kumene mwana wanga wamwamunayu amapemphera ndi mwamuna wake. Inde, mwamuna wake. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Ine ndine wa CCAP wobadwira, wa Chigwirizano. Zaka zinayi akhala akundiitanira kutchalitchi kwawoko, ine ndikuzemba. Ndinkaona kambendera ka utawaleza pachikwangwani, pansi pake atalemba kuti Reconciling in Christ, n'kumati m'mtima, awa asokonekera. Ukwati wawo unadalitsidwa momwemo, ine ndinakhala mpando wakumbuyo, nditavala nkhope ya pamaliro. Ndikuvomera.

Ndiye usiku woyamba uja, tili pabenchi kuchipatala ine ndi mnyamatayo, mwamuna wa mwana wanga, osayankhulana, kunalowa agogo ena achizungu a zaka 81, atanyamula fulasiki ya khofi ndi bulangeti. Sanafunse kuti ndine yani. Anangondifunditsa, kenaka anakhala pakati pathu n'kugwira dzanja langa ndi lake la mnyamatayo. Mpaka kunacha. Dzina lawo sinditchula, anandiletsa, koma akudzidziwa.

Agogowa ndi amene ankanditenga 5 koloko m'mamawa tsiku lililonse, chifukwa ine kuyendetsa pa chipale sindinazolowere. Ndi amene analemba ndandanda ya ophika, moti mufiriji simunasowe chakudya chawo chija amati hotdish. Kunena zoona n'chosakoma kwenikweni, mbatatesi ndi nyama ndi supu wa m'chitini kusakaniza, koma ndinadya ndikulira. Atazindikira kuti mtima wanga uli pa nsima, anazungulira mashopu mpaka anapeza ufa woyera, n'kubwera nawo akunyadira ngati apha njovu.

Tsiku lina m'galimoto ndinawafunsa mosabisa: inu, Baibulo mumawerenga lomweli, nanga bwanji mumalandira anthu otere? Sanakwiye. Anandiuza kuti mpingo wawo waukulu, ELCA, unakangana zaka zambiri, ndipo mu 2009 pamsonkhano wa ku Minneapolis konkuno unavomera kuti abusa okhala pabanja ndi mnzawo wofanana naye ziwalo atha kutumikira. Mipingo yambiri inachoka, wa mlongo wawo nawonso, ndipo awiriwo anatha zaka osadyera pamodzi Khirisimasi. Anati chikwangwani chija sichinangobwera, anachita kukambirana ndi kuvota ngati mpingo kuti alembe poyera kuti anthu a LGBT ndi olandiridwa, popeza munthu amene anathamangitsidwapo kwina sakhulupirira mawu akuti "nonse ndinu olandiridwa" pokhapokha amutchule. Ndipo anamaliza ndi chiphunzitso chawo cha Martin Luther, kuti timapulumuka ndi chisomo chokha mwa chikhulupiriro, osati ntchito zathu, ndiye iwo ndi ndani kuti aime pakhomo ndi sikelo.

Sindikunama kuti mafunso anga onse atha. Ena ndikadali nawo, ndimawapereka kwa Mulungu. Koma ndinaona abusa awo, mayi, akubwera ndi Mgonero ku ICU, akuika kachidutswa ka mkate pakamwa pa mwana wanga amene anali asanayambe kuyankhula bwino, akuti thupi la Khristu loperekedwa chifukwa cha iwe. Mwana amene kwathu lamulo likanatha kumutsekera zaka 14. Ndinatuluka panja kukalira.

Tsono inu anzanga a kumudzi amene tili nonse kuno, timadyera limodzi pa 6 Julaye, timasonkherana wina akamwalira kuti thupi lipite kwathu. Awiri munabwera, ndipo mukudzidziwa, Mulungu akuonjezereni. Enanu mauthenga anu a m'gulu lija anandipeza, ndi liwu lonyansa lija munamutchula mwana wanga ali pamakina opumira. Sindikusunga mangawa, ndatopa kwambiri. Kungoti mtunda wochoka kwanu kufika kuchipatala ndi mphindi 15, pamene agogo aja amachokera kutali kuposa apo, ndi bondo lawo lopweteka.

Ndiyeno iwe mnyamata. Zaka zonsezi ndakhala ndikusowa chokuitana, mkamwini ayi, mtengwa ayi, ndiye ndinkangoti "ujeni". Unagona pampando masiku 23. Unamusambitsa, unamumeta ndevu, unakangana ndi a inshuwalansi mpaka mawu anakuthera. Ndikhululukire, mwananga. Zikomo.

Agogo, ndabwereranso kwa inu chifukwa sindikudziwa kuti ndingakulipireni chiyani. Yehova akusungeni, bondolo alichize, akupatseni masiku ena ambiri. Mbale zanu zitatu ndi fulasiki zili kuno, ndatsuka. Lamulungu likubwerali ndibwera nazo kutchalitchi, ndipo ndabwereka poto wamkulu. Mukatha mapemphero musathamangire khofi, kuli nsima, nkhuku ndi mpiru wotendera. Mudzadya ndi manja, mafoloko ndibisa.