Lachinayi: manja okhaokha

Ndadzuka magetsi atathima kale, foni ili ndi moto wochepa. Ndangoitenga choncho, chifukwa lero linali tsiku lojambula ntchito ya ana a Giredi 3 kuti tiike pa Facebook. Chaka chino tinagwirizana ndi makolo kuti sabata iliyonse tizionetsa anthu akunja zimene ana athu kuno ku Chawama, mu Lusaka, akuphunzira.

Phunziro linali la kugawa. Tilibe zowerengera za m'sitolo, timagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo zimene ana amatola pa tuntemba, timashopu ta m'komboni. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 kalasi langa ladzaza, ana anayi pa desiki ya awiri, ndiye ambiri amakonda kukhala pansi. Kamtsikana kena kanayala zitsekerero 12 pa simenti, nkuzigawa milu itatu, kakunong'ona kuti "iyi ya ine, iyi ya amayi, iyi ya ambuya." Nditakafunsa yankho kanati, "Aliyense adya zinayi, aphunzitsi." Adya! Kwa iye masamu ndi vitumbuwa basi.

Ndatulutsa foni, koma ndinakumbukira kuti pepala lake lachilolezo silinabwere. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 limafuna kuti kholo livomere, ndipo ahedi athu pa nkhaniyi saseka. Mwamwayi ambuya ake anabwera kudzamutenga poweruka.

"Ambuya, mungalole kuti chithunzi cha mdzukulu wanu chipite pa intaneti?"

"Akamuone ndani?"

"Anthu a kutali, ngakhale ku Canada."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi, nkhope ya mwana si tomato woyala pamsika. Jambulani manja, ndi amene agwira ntchitoyo."

Ndinachita manyazi pang'ono, poti anali kunena zoona. Mwezi watha tinaika chithunzi cha ana akumwetulira, ndipo anthu akunja anangolemba zowamvera chisoni, za nsapato zong'ambika ndi mawindo osweka. Za kuwerenga kwawo palibe anafunsa. Zinandiwawa mpaka lero.

Tinayalanso zitsekerero zija, ndikujambula timanja take tokha, choko chili mbuu m'zala. Mawu ndinalemba m'Chinyanja poyamba, Chingerezi pansi, chifukwa amene amatsegula msanga ndi makolo, osati azungu. Bandulo inatha ndili pakati potumiza, mnzanga wa Giredi 4 nkundibwereka yake.

Madzulo mphunzitsi wina wa ku Nairobi analemba kuti iwo amawerengera ndi nyemba, nafunsa ngati zitsekerero sizicheka ana. Zimacheka ndithu, za chitsulo zija. Ife timatenga za pulasitiki. Ndamuyankha motalika kuposa mmene anafunsira.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Potuluka pageti ambuya aja anabwerera, nanditambasulira kapepala ka nambala: "Cha nkhope chija mujambulebe, koma mutumize kwa amake okha pa WhatsApp. Ali ku Johannesburg, papita zaka ziwiri asanamuone." Ndatumiza magetsi atangoyaka.