Mmene Toyota 86 yanga inafikira ku Blantyre

Ndinaiona koyamba mu 2014 pamalo othirira mafuta ku Chichiri. Inali yofiira, ya nambala za ku Joni zija zothera ndi GP, ndipo inali yanjinjiri moti denga lake linkalekezera pachifuwa panga. Ndinatsika mu galimoto ya kuntchito n'kuyamba kuizungulira. Mwini wake atatuluka m'shopu ndinamufunsa kuti, "Achimwene, imeneyi ndi galimoto yanji?" Iye anati ndi Toyota 86, ndipo ataona kuti maso anga sakuchokapo, anatsegula boneti. Injini yake inali yogona pansi kwambiri, osati yoimirira ngati za magalimoto amene ndinazolowera. Atailiza n'kulowa mu Masauko Chipembere Highway kulunjika ku Limbe, ndinaima pomwepo mpaka kulira kwake kutazimirira. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunafunenso galimoto ina.

Ndinayamba kuwerenga chilichonse chokhudza iyo. Inatuluka mu 2012, ndipo a Toyota anaipanga mogwirizana ndi a Subaru, amene yawo amaitcha BRZ. Injini ndi ya malita 2, ya masilinda anayi ogona moyang'anana awiri uku awiri uku, imene amaitcha boxer. N'chifukwa chake kulemera kwa galimotoyi kuli pansi. Mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Anthu ambiri akamva kuti galimoto ya mpikisano amaganiza za liwiro lokha, koma 86 ili ndi mphamvu za 200 horsepower basi, ndipo pa msewu woongoka magalimoto ambiri akuluakulu amaipitirira. Kukoma kwake kuli pa makona. Ukangokhotetsa chiwongolero pang'ono, imamva nthawi yomweyo, ngati ikudziwa kale kumene ukufuna kupita.

Ndinasunga ndalama zaka zisanu ndi zinayi. Ndili ndi kabizinesi kosindikiza mapepala ku Limbe, ndipo mwezi uliwonse ndinkapatula kenakake n'kuika mu akaunti yapadera. Miyezi ina ndinkatapamo chifukwa cha maliro kapena matenda, n'kuyambiranso. Akazi anga ankadziwa zonsezi, koma tsiku limene ndinawauza kuti nthawi yakwana anandifunsa funso loyenera: "Bambo a ana, galimoto ya zitseko ziwiri, anawa azikhala pati?" Tinakambirana mpaka usiku. Tinagwirizana kuti Sienta ya banja sigulitsidwa, fizi ya ana ya chaka chonse ikhale italipidwa kaye, ndipo pasakhale katapila ngakhale wa tambala imodzi. Pangano limeneli linadzandithandiza kwambiri patsogolo, pamene zinthu zinathina.

Chinthu choyamba chimene ndinachita si kusankha galimoto ayi, koma kufunsa za msonkho. Apa ndi pamene anzanga ambiri anagwera. Munthu amaona mtengo wokoma pa intaneti, amatumiza ndalama zonse, galimoto ikafika pa boda ndi pamene amamva kuti duty ikufuna ndalama zina zochuluka, galimoto n'kukhala miyezi ikuwombedwa ndi dzuwa. Msonkho wa MRA umayendera zinthu monga chaka chimene galimoto inapangidwa ndi kukula kwa injini, ndipo m'kati mwake muli duty yeniyeniyo, excise komanso VAT, imene nthawi imeneyo inali pa 16.5 peresenti. Galimoto yakale kwambiri imaoneka yotchipa ku Japan, koma msonkho wake ukhoza kukudyera zonse zimene wapulumutsa. Ndinapita kwa ejenti wokiliya katundu amene ali ndi chiphaso, ndinamupatsa chaka, mtundu ndi kukula kwa injini, iye n'kundilembera chiyerekezo papepala. Ndinaonetsetsanso kuti TPIN yanga, nambala yanga ya msonkho ku MRA, ili bwino, chifukwa popanda iyo sungakiliye kanthu.

Kenako kusankha. Ndinatha miyezi itatu ndikuyang'ana zithunzi usiku uliwonse. Zithunzi zonse zimakongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, makamaka pa galimoto ngati iyi imene anyamata a ku Japan amakonda kuseweretsa pa mabwalo a mpikisano. Chimene chimanena zoona ndi pepala la ku okushoni, auction sheet. Pamwamba pake pali giredi: 4 kapena 4.5 ndi galimoto yabwino, koma ukaona R dziwa kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pali chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo, A kusonyeza pokandika, U kusonyeza pamene chitsulo chinagundidwa n'kulowa m'kati. Ogulitsa awiri anakana kundionetsa pepalali, ndipo ndinawasiya pomwepo ngakhale mitengo yawo inali yokopa. Ina ndinaikonda kwambiri, yoyera, koma anali ataitsitsa pansi ndi masipuling'i ena. Galimoto yomwe kale imatalikira pansi mamilimita 130 okha, kuitsitsanso ndiye kuti ku Blantyre singayende. Ndinaisiya mtima ukuwawa.

Imene ndinasankha inali ya 2014, chaka chomwe ndinaiona koyamba, yofiiranso, ya giya yamanja ya masitepe asanu ndi limodzi, giredi 4, yosasinthidwa chilichonse. Ndinapempha chithunzi cha nambala ya chassis, yoyamba ndi ZN6, n'kuiyerekeza ndi imene inali pa pepala la okushoni komanso pa invoice. Ndinapemphanso zithunzi za kunsi kwake kuti ndione ngati kulibe dzimbiri, poti kumadera a chipale chofewa ku Japan amathira mchere m'misewu. Mtengo ndinafuna wa CIF mpaka Dar es Salaam, kutanthauza galimoto, sitima ndi inshuwalansi ya panyanja pamodzi, kuti ndisamadzalipire zidutswazidutswa.

Kutumiza ndalama ndiye kunandiyesa mtima. Unali mwezi wa Seputembala 2023, madola akusowa m'dziko muno. Ndinapereka invoice ku banki ndi kudzaza mafomu a TT, otumizira ndalama kunja kudzera ku banki, kenako kudikira. Sabata iliyonse ndinkapita kukafunsa, yankho n'kukhala lomwelo, loti ndili pa mzere. Wogulitsa uja analemba kawiri kuti akapanda kuona ndalama aipereka kwa wina. Anthu ena anandinong'oneza kuti ndingogula madola pamsewu n'kupatsira munthu amene ali ndi akaunti kunja. Ndinakana. Ndalama za zaka zisanu ndi zinayi sindikanazipereka m'manja mwa munthu wopanda lisiti, komanso pepala la TT limadzafunika ngati umboni wa mtengo umene unalipira. Cholakwika china chimene chimagwetsa anthu ndi imelo yabodza yonena kuti akaunti ya kampani yasintha. Ndisanasaine ndinaimbira foni ku ofesi ya wogulitsayo n'kuwerengerana naye manambala a akaunti imodziimodzi. Madola anatuluka pakati pa Okutobala, ndipo patapita masiku ochepa ndinalandira dzina la sitima ndi Bill of Lading, chikalata chosonyeza kuti galimoto yakwezedwa m'sitima.

Galimoto ili panyanja, pa 9 Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndinamva nkhaniyi pa wailesi ndili ku shopu, ndipo ndinakhala pansi kaye. Galimotoyo ndinali nditalipira kale, mwayi wanga unali umenewo, koma zolipira za padoko, ejenti wa ku Tanzania ndi chilichonse chowerengedwa pa dola zinakwera tsiku limodzi. Ejenti wanga anandiimbira kuti chiyerekezo cha msonkho chija tichiiwale. Madzulo ake ndinauza akazi anga kuti mwina ndingoigulitsa ikadali m'njira. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwaidikira zaka zonsezi. Gulitsani makina akale aja amene angokhala kuseri kwa shopu, koma ngongole ayi." Ndinagulitsadi makina osindikizira akalewo, n'kuwonjezera ndalama zimene ndinasungira matayala atsopano, ndipo zinakwana mothinana. Amene akufuna kuitanitsa galimoto asasunge ndalama zongokwanira ndendende pa chiyerekezo cha ejenti. Pakati pa tsiku lolipira ndi tsiku lokiliya pamadutsa miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo zambiri zimasintha.

Sitima inafika ku Dar es Salaam kumayambiriro kwa Disembala. Ambiri amalemba dalaivala wa ma IT, magalimoto ongodutsa m'dziko popita kwina, kuti awabweretsere galimoto mpaka pa boda ya Songwe, ndipo alipo madalaivala okhulupirika ndithu. Koma iwo amalipidwa pa ulendo, choncho amathamangira kubwerera kukatenga ina. Galimoto yotsika chonchi, pa mahampu a mumsewu wa ku Tanzania, sindinafune kuti wina aiphunzire pa ine. Ndinakwera basi ndekha, nditatenga pasipoti, laisensi ndi mapepala onse a galimoto.

Nditaiona pabwalo la ejenti, ili ndi fumbi komanso zolemba za choko pagalasi, miyendo inandilefuka. Ndinaigwira padenga ndi manja onse awiri. Kenako ndinachita zimene makaniko wanga wa ku Ndirande anandilangiza: kuona oyilo, madzi, mabuleki, mpweya wa matayala, jeke ndi sipanala, komanso kujambula mbali zonse ndisanaisunthe. Ndinapeza kuti kapu ya giya inali itasowa, ndipo palibe amene anavomera kuti anaiona. Ndinagula ina mumzindamo n'kunyamuka m'bandakucha.

Kuchokera ku Dar es Salaam kufika pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 900. Galimoto ya IT imapatsidwa njira yake ndi masiku ake, ndipo pali malo oyenera kuima kuti adinde mapepala, choncho supatuka mwachisawawa. Ndinadutsa Morogoro, n'kulowa m'nkhalango ya Mikumi kumene msewu umadutsa pakati pa nyama zakutchire ndipo mahampu ndi osawerengeka. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kukwera hampu mopingasa, tayala limodzi kaye kenako linzake, pa giya yoyamba. Koma pa phiri la Kitonga, tisanafike ku Iringa, ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinagula. Makona akutsatizana, malole akukwera mofooka, ine ndili pa giya yachitatu, galimoto ikumata pansi ngati yamera mizu. Sindinathamange ayi, ndipo sikunafunikire. Ndinagona ku Makambako, m'mawa n'kupatukira pa Uyole kutsikira ku Tukuyu pakati pa minda ya nthochi ndi tiyi mpaka ku Kasumulu, mbali ya Tanzania ya boda ya Songwe.

Pa Songwe ndinakhala masiku awiri. Ejenti analowetsa mapepala mu kompyuta, a MRA anabwera kudzaona galimoto n'kuyerekeza nambala ya chassis ndi ya injini, kenako chiwerengero cha msonkho chinatuluka. Ndinakalipira ndekha ku banki n'kusunga lisiti. Ejenti ndimamulipira ntchito yake yokha, ndalama ya msonkho sindiidutsitsa m'thumba la munthu. Ndisanachoke ndinagula inshuwalansi, chifukwa pa rodibuloko yoyamba apolisi amaifunsa.

Kuchoka pa boda kufika ku Blantyre ndi makilomita enanso opitirira 900, ndipo mvula inali itayamba. Pakati pa Karonga ndi Chiweta maenje anali odzaza madzi, osadziwika kuya kwake, moti ndinkatsatira kumbuyo kwa minibasi kuti ndione pamene ikudumpha. Ndinagona ku Mzuzu, tsiku lotsatira ku Lilongwe, pokana kuyenda usiku. Ndinalipira pa ma toll gate a Kalinyeke ndi Chingeni, ndinawoloka Shire pa Zalewa dzuwa likupendeka, ndipo nditaona phiri la Ndirande kuchokera ku Lunzu misozi inalengeza.

Zotsala zinali za mumzinda muno, ndipo zinatenga sabata imodzi ndi theka: chikalata cha MRA chosonyeza kuti galimoto yakiliyidwa, kupita nayo kwa apolisi kuti atsimikize kuti si yobedwa, kenako ku Road Traffic pa Ginnery Corner kukailembetsa m'dzina langa. Kumeneko pitani m'mawa kwambiri ndi khadi lanu la Road Traffic, ndipo musapereke mapepala anu kwa anyamata oima panja olonjeza kufulumizitsa zinthu. Inayesedwa n'kupatsidwa COF, chikalata choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndinalandira blue book, ndipo nambala za BT zinakhomedwa Lachisanu masana.

Kukhala nayo kuli ndi zofuna zake. Wailesi ya ku Japan imalekezera pa 90 FM, choncho ndinaikitsa kachipangizo koti izikoka mawailesi athu. Injiniyi inapangidwira petulo wamphamvu, pamene kuno pampu ya petulo ndi imodzi, ndiye ndimathira pa filling station pokha. Mafuta akasowa imagona m'galaja, wa m'zigubu sindimuthira. Oyilo ndi 0W-20, ndipo masipeya ena ndimachita kuitanitsa ku Joni. Polowera pageti pathu ku Chilomoni ndinathira simenti kuti bampala isamakhule. Misewu ya Blantyre tsopano ndimaidziwa mwatsopano, hampu iliyonse ndi dzenje lililonse, ndipo njira zina zachidule ndinazisiya.

Lamlungu loyamba chilandirireni nambala, titaweruka ku tchalitchi, tinasiya ana kwa agogo awo n'kulowera msewu wa ku Thyolo, ine ndi akazi anga. Titadutsa Bvumbwe minda ya tiyi inayamba, yobiriwira ndi mvula, msewu ukukhotakhota pakati pake. Ndinatsitsa magalasi kuti timve injini. Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili pa chitseko. Titafika pa Thyolo boma ndinaima kuti titembenuke, koma iwo anamasula lamba n'kunena kuti, "Bambo a ana, tatsikani. Pobwerera ndiyendetsa ndine."