Kutsegula ndi kutchinjiriza SSH pa seva ya mu ofesi ku Dedza

Seva yomwe ndikunena pano ndi ngati zija zimapezeka m'maofesi ang'onoang'ono pa boma pa Dedza: kompyuta imodzi pakona, ya Ubuntu Server 24.04, yosunga mabuku a ndalama ndi kaundula wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere. Woiyang'anira sakhala pompo, mwina ali ku Ntcheu kapena ku Lilongwe, ndiye amafunika kumalowamo ali kutali popanda wina kuwerenga zomwe akulemba. Ntchito ya SSH ndi imeneyo. Anaiyambitsa Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995, ndipo OpenSSH yomwe tikugwiritsa ntchito lero inachokera kwa anthu a OpenBSD mu 1999. Kuiyika n'kosavuta. Chomwe chimagwetsa anthu ndi ndondomeko: kutseka njira yakale yolowera musanatsimikize kuti yatsopano ikutseguka.

Gawo loyamba ndimachitira pa seva penipeni, kiyibodi ndi sikirini zili zolumikiza.

sudo apt update
sudo apt install openssh-server
sudo adduser mlonda
sudo usermod -aG sudo mlonda
ip a

Dzina la akaunti, lomwe pano ndi mlonda, sankhani lanu, koma lisakhale admin, test kapena ubuntu, chifukwa amenewa ndi omwe mapulogalamu oyendayenda pa intaneti amayamba kuyesa. Lamulo lomalizalo limaonetsa adiresi ya seva, tinene kuti 192.168.1.50. Ndimalowa mu rauta n'kuisungira seva adiresi imeneyi, apo ayi magetsi akathima n'kuyakanso rauta ikhoza kuipatsa ina, inu n'kumadabwa kuti seva yapita kuti.

Ndisanadzuke pampando ndimalembanso ili:

ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub

Limatulutsa mzere woyamba ndi 256 SHA256: wotsatidwa ndi zilembo zosakanikirana. Chimenechi ndi chidindo cha seva. Ndimachijambula pa foni. Mukamalowa koyamba, SSH imakuonetsani chidindo n'kufunsa ngati mukuchidziwa, ndipo ambiri amangolemba yes osayang'ana n'komwe. Fananizani ndi chithunzi chija. Zikasiyana ndiye kuti mukuyankhula ndi makina ena.

Tsopano pa laputopu. Pa Linux ndi Mac tsegulani terminal, pa Windows 10 kapena 11 tsegulani PowerShell.

ssh-keygen -t ed25519 -C "laputopu-ya-ntcheu"

Mumatuluka mafayilo awiri mu foda ya .ssh. Ya id_ed25519.pub ili ngati loko: mukhoza kuipachika pa seva iliyonse, aliyense aione, palibe vuto. Ya id_ed25519 yopanda .pub ndiye kiyi weniweni, ndipo sachoka pa laputopuyo. Musamutumize pa WhatsApp, musamuike pa fulashi yomwe imazungulira mu ofesi. Ikakufunsani mawu achinsinsi otetezera kiyiyo, musadumphe. Laputopu imabedwa, imapitanso kwa okonza, ndipo kiyi wopanda mawu achinsinsi amagwira ntchito m'manja mwa aliyense. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana ndi okwanira. Ngati olowa ali awiri, aliyense apange kiyi wake.

Fayilo ya .pub ija imapita ku seva motere:

ssh-copy-id mlonda@192.168.1.50

Windows ilibe lamulo limeneli. Kumeneko ndimatsegula fayilo ya .pub ndi Notepad, kukopera mzere wonse, kulowa pa seva ndi pasiwedi, n'kuumata mu ~/.ssh/authorized_keys. Uyenera kukhala mzere umodzi woyamba ndi ssh-ed25519. Ukaduka pawiri sugwira.

Apa ndi pomwe uthenga wa Permission denied umavutitsa anthu. OpenSSH imakana kuwerenga authorized_keys ngati anthu ena pa sevayo angathe kulembamo, ndipo siikuuzani chifukwa chake ku mbali ya laputopu. Konzani chonchi:

chmod 700 ~/.ssh
chmod 600 ~/.ssh/authorized_keys

Foda ya /home/mlonda nayo isakhale yoti gulu kapena ena azilembamo, ndipo mwini wa mafayilowa akhale mlonda, osati root, akaunti yaikulu yolamulira seva yonse. Izi zimasokonekera mukapanga foda ya .ssh ndi sudo. Chifukwa chenicheni chimalembedwa pa seva: lembani sudo journalctl -u ssh n'kufufuza mzere wonena za bad ownership or modes. Ku laputopu, ssh -v imaonetsa makiyi omwe akuyesedwa.

Kiyi akagwira, ndi pamene ndimatseka pasiwedi. Sindikhudza fayilo yaikulu ya /etc/ssh/sshd_config. Ndimapanga yangayanga, /etc/ssh/sshd_config.d/01-chitetezo.conf, n'kulembamo:

PermitRootLogin no
PasswordAuthentication no
KbdInteractiveAuthentication no
AllowUsers mlonda
MaxAuthTries 3

Nambala ya 01 ili ndi chifukwa. Pa sshd, pulogalamu ya SSH ya pa seva, mzere womwe wawerengedwa koyamba ndi umene umapambana, ndipo mafayilo a mu foda imeneyi amawerengedwa motsata mayina, isanafike mizere ina ya mu fayilo yaikulu. Pa maseva ambiri a Ubuntu mumapezeka kale 50-cloud-init.conf yolembedwa PasswordAuthentication yes. Munthu amasintha fayilo yaikulu, n'kumagona tulo poganiza kuti watseka, chonsecho pasiwedi ikulandiridwabe. N'chifukwa chake sindikhulupirira zomwe ndalemba, ndimafunsa sshd yomwe:

sudo sshd -t
sudo sshd -T | grep -i passwordauthentication

Loyambalo likakhala chete ndiye kuti palibe cholakwika pa kalembedwe. Lachiwiri liyenera kuyankha no. Pamenepo ndimalemba sudo systemctl restart ssh.

Zenera la terminal lomwe mwalowera pa seva musalitseke. Kuyambitsanso ssh sikudula amene ali kale mkati, ndiye zenera limeneli ndi lokhalo lokonzera ngati mwalakwitsa. Tsegulani lachiwiri, lowani ndi kiyi, yesani sudo. Kenako yesani kulowa dala popanda kiyi:

ssh -o PubkeyAuthentication=no mlonda@192.168.1.50

Ikuyenera kukukanani nthawi yomweyo osafunsa pasiwedi. Mukalemba molakwika dzina pa AllowUsers n'kutseka zenera loyamba muli ku Ntcheu, chotsala ndi kukwera minibasi ya pa M1 kukalumikiza kiyibodi.

Firewall, mpanda wosefa zolowa pa seva (pano ndi ufw), nayo ili ndi ndondomeko yomweyo, kulola kaye kenako kuyatsa:

sudo ufw limit 22/tcp
sudo ufw enable

Ndimakonda limit kusiyana ndi allow chifukwa imakaniza adiresi yomwe yayesa kulumikiza ka 6 m'masekondi 30. Ena amawonjezera fail2ban, yomwe mukapanda kusintha imatsekera adiresi mphindi 10 ikalephera ka 5. Ndi yabwino, koma dziwani kuti pa intaneti ya pa foni anthu ambiri amatulukira pa adiresi imodzi, ndiye mnzanu akalephera kangapo mukhoza kutsekeredwa limodzi. Adiresiyo imasinthasinthanso, choncho kulola adiresi imodzi yokha mu firewall sikuthandiza woyenda ndi MiFi. Zosamutsa port, khomo lomwe SSH imalandirirapo olowa, kuchoka pa 22 ine sindiziwerengera ngati chitetezo, zimangochepetsa phokoso m'malogi. Ngati mwafuna kutero pa 24.04, lolani kaye port yatsopanoyo mu ufw, ndipo mukasintha lembani sudo systemctl daemon-reload ndi sudo systemctl restart ssh.socket, chifukwa womvetsera pa port ndi systemd, pulogalamu yomwe imadzutsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa Ubuntu.

Zonsezi zikugwira muli mu ofesi. Kulowa muli kunja ndi nkhani ina. Maofesi ambiri kuno ali ndi rauta ya simu khadi, kaya ya Airtel kaya ya TNM. Yang'anani adiresi ya WAN, ya mbali yoyang'ana kunja, mu rautayo. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti mulibe adiresi yanuyanu ya pa intaneti, ndipo port forwarding, yomwe imauza rauta kuti olowa kuchokera kunja iziwapititsa ku seva, siigwira ngakhale muilembe bwino chotani. Njira yake ndi yoti seva ya mu ofesi ndiyo iziyamba kulumikiza kunja. Pamafunika VPS yaing'ono, seva yobwereka yokhala ndi adiresi yakeyake pa intaneti, yolipira mwezi ndi mwezi, yotchinjirizidwa monga tachitira pamwambapa. Pa VPS ndimapanga akaunti ina, tinene mlatho, n'kuiwonjezera pa AllowUsers. Pa seva ya mu ofesi ndimaika autossh, pulogalamu yomwe imalumikizanso SSH ikaduka, n'kulemba:

autossh -M 0 -N -o ServerAliveInterval=30 -o ServerAliveCountMax=3 -o ExitOnForwardFailure=yes -R 2222:localhost:22 mlatho@adiresi-ya-vps

Kiyi wa ntchito imeneyi, wopangidwa pa seva ya mu ofesi, sangakhale ndi mawu achinsinsi poti palibe munthu wowalemba usiku, ndiye ndimamumanga manja. Mu authorized_keys ya mlatho, kutsogolo kwa kiyiyo, ndimalemba restrict,port-forwarding,permitlisten="2222". Lamulo la autossh lija liikeni mu service ya systemd yokhala ndi Restart=always kuti lizidzuka lokha. Mu BIOS ya seva, momwe mumasinthira kayakidwe ka kompyuta, yatsaninso gawo loti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo UPS, batire yosungira magetsi, ikatha mphamvu seva imakhala chozima mpaka Lolemba.

Pa laputopu, fayilo ya ~/.ssh/config imafupikitsa zonse:

Host dedza
HostName localhost
Port 2222
User mlonda
ProxyJump mlonda@adiresi-ya-vps
ServerAliveInterval 30

Kuyambira pamenepo kulowa ndi kungolemba ssh dedza. VPS imangodutsitsa, siingawerenge zomwe zikuyenda chifukwa zabisidwa kuchokera pa laputopu mpaka pa seva.

Netiweki ya m'mapiri a kuno imadukaduka, ndipo ikaduka muli pakati pa apt upgrade zinthu zimatsala theka. Ndikangolowa ndimalemba tmux new -s ntchito, ndipo ikaduka ndimabwerera ndi tmux attach -t ntchito n'kupeza zonse zikupitirira, poti tmux imasunga ntchito ikuyenda pa seva ngakhale netiweki itaduka. Zenera likauma osayankha, dinani Enter, kenako ~ kenako kadontho, lidzamasuka.

Tsiku lina mudzaona chenjezo la zilembo zikuluzikulu loti REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED. Ngati Ubuntu yaikidwa mwatsopano pa sevayo, n'zoyembekezereka: pemphani wa mu ofesi akuwerengereni chidindo chatsopano pa foni, chotsani chakale ndi ssh-keygen -R "[localhost]:2222", n'kulowanso mukufananiza. Ngati palibe amene waikhudza, musalowe kufikira mutadziwa chomwe chasintha. Wogwira ntchito akasiya kapena laputopu ikatayika, tsegulani authorized_keys pa seva ndi pa VPS pomwe, pezani mzere wothera ndi dzina lomwe munalemba pa -C lija, n'kuufufuta tsiku lomwelo.