Mmene timayezera mulu wa mchenga pa bizinesi yathu ku Machinjiri

Ine ndi mlamu wanga timagulitsa mchenga ndi miyala ya kwale ku Machinjiri, ndipo ambiri mwa makasitomala athu ndi amisiri omanga nyumba komanso achinyamata oumba mabuloko a simenti. Tinayamba ndi wilibala ndi mafosholo, kenako tinayamba kuchita hayala lole yotitutira katundu. Ntchito inachuluka kwambiri namondwe wa Freddy atawononga nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre mu 2023, pamene mabanja ambiri anayambanso kumanga.

Vuto la malonda amenewa ndi lakuti mchenga sugulitsidwa pasikelo. Lole ikakhuthula, wogula amayang'ana mulu n'kunena kuti wachepa, wogulitsa amalumbira kuti lole inali yodzaza, ndipo palibe amene angasonyeze mnzake chilungamo chake. Mtengo wa kwacha utatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi simenti inakwera, ndipo aliyense anayamba kuwerengera fosholo iliyonse.

Amene anatithandiza ndi mphunzitsi wa masamu wa kusekondale amene ankamanga nyumba pafupi ndi malo athu. Iye anatisonyeza kuti mchenga wouma ukakhuthulidwa pamalo athyathyathya umadziunjika wokha, pansi pozungulira ndi pamwamba posongoka ngati denga la nkhokwe, ndipo chinthu choumbika chotere chili ndi lamulo lake lodziwira kuchuluka kwa zimene zili m'kati. Anatenga chitini chozungulira, n'kupinda pepala lolimba kukhala fanelo yofanana ndi chitinicho kukula kwa pakamwa komanso msinkhu. Atadzaza faneloyo ndi mchenga n'kumathira m'chitini, chitinicho chinadzaza pa ulendo wachitatu. Choncho mulu wosongoka umasunga gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zingalowe m'chitini cha kukula komweko, mfundo imene Archimedes, katswiri wakale wa masamu, analemba kuti amene anaitsimikizira ndi Eudoxus, katswiri wa masamu wa ku Greece wakale.

Timayamba ndi kuzunguliza tepi m'munsi mwa mulu. Tikapeza mamita 12.6, mwachitsanzo, timagawa nambalayo ndi 6.28, nambala yosasintha pa mulu uliwonse, ndipo yankho lake, lomwe ndi mamita 2, ndi mtunda wochokera pakatikati pa mulu kufika m'mphepete. Msinkhu timaupeza pozika chitsulo chowongoka pansonga mpaka chitagunda pansi. Tinene kuti tapeza mamita 1.2. Kenako timachulukitsa 3.14 (theka la 6.28) ndi 2, ndi 2 kachiwiri, ndi 1.2, zomwe zimapereka 15.07, ndipo tikagawa ndi 3 timapeza makiyubiki mita asanu. Anyamata athu amakonda njira yachidule, yochulukitsa muyezo wa tepi ndi nambala yomweyo, kenako ndi msinkhu, n'kugawa ndi 38, ndipo yankho limatuluka lofanana. Popeza kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndipo wilibala ya amisiri imanyamula pafupifupi malita 65 ikadzazidwa mosasefukira, mulu umenewu uli ndi mawilibala pafupifupi 77.

Chimene ndinachiona n'chakuti diso limanamizidwa ndi msinkhu. Wogula amasankha mulu wooneka wautali, pamene kuchuluka kwenikweni kumabisala m'munsi. Mulu ukatalika kawiri, mchenga umachuluka kawiri basi, koma m'munsi mukakula kawiri msinkhu uli womwewo, mchenga umachuluka kanayi. Ndicho chifukwa chake sindilola kuti tepi ikhale yokhwefuka poizunguliza, pakuti masentimita ochepa otayika pamenepo amasanduka mawilibala athunthu.

Masamuwa ali ndi malire ake. Lole ya tipa ikamakhuthula ikuyenda, mulu umakhala wotambalala, ndipo timayamba tauunjika bwino ndi fosholo tisanauyeze. Nyengo ya dzinja ilinso ndi zake, chifukwa mchenga wachinyontho umafufuma n'kuoneka wambiri kuposa mmene ungakhalire utauma, choncho timamuuza wogula zimenezi asanalipire, ngakhale kuti kukhala chete kukanatipindulira pa tsikulo.

Amalonda anzathu ena amatiseka kuti tikubweretsa sukulu pamchenga, ndipo ogula ena achikulire amakondabe kuwerenga mawilibala limodzi ndi limodzi, zomwe sitiwakaniza. Komabe akapitawo a ntchito zomanga, amene amayenera kufotokozera mwini nyumba mmene ndalama yayendera, ndi amene amabwerera kwa ife kawirikawiri, chifukwa pa lisiti timalemba muyezo wozungulira, msinkhu ndi makiyubiki mita, ndipo mwini nyumba angathe kuwerengera yekha pafoni yake. Panopa tikusunga ndalama zogulira makina oumbira mabuloko, kuti mchenga wotsala pa miyulu imene yagulidwa theka uzipita ku ntchito yathuyathu.